Woyambitsa Nyimbo Pasiwa pa Mwana

Anthu a m'tsinde mwa phiri la Mulanje, mbali ya Phalombe, adaika ana ambiri m'manda. M'Malichi 1991 napolo adatsika m'phiri la Michesi n'kukokolola anthu mazanamazana. M'Malichi 2023 namondwe wa Freddy adagwetsa matope ndi miyala kwa Nkhulambe ndi madera ena, ndipo makolo ena sadapeze ngakhale thupi la mwana wawo. Pa zovuta zoterezi pamakhala munthu amene satchulidwa pa mwambo wa zolankhula, koma ndiye amagwira usiku wonse: mayi woyambitsa nyimbo pasiwa.

Kaya ndi wa Mvano kaya wa kwaya ya Chikatolika, luso lake loyamba ndi khutu. Namfedwa akamabuma, kulira kwake kumayambira m'mwamba, kumatchula dzina la mwana, kenako kumatsika mpweya ukamatha. Woyambitsa waluso sadula kulirako. Amadikira pamene mawu a mayi wa mwanayo atsikira, n'kuyambitsa nyimbo chapomwepo, motsitsa, kuti kubuma ndi kuyimba zilumikizane popanda msoko. Wosadziwa amayamba mokweza n'cholinga chophimba kulira, ndipo mayi amatsala yekha pakati pa gulu.

Chachiwiri ndi liwiro. Nyimbo yomwe Lamulungu imayimbidwa mowomba m'manja, pasiwa amaikoka. Mawu aliwonse amatalika, ndipo pakati pa mzere wa woyambitsa ndi kuvomera kwa gulu pamatsala kampata. M'kampatamo ndi momwe mayi amapumira. Mukayang'anitsitsa mudzaona mapewa ake, omwe amanjenjemera mosalekeza, akuyamba kutsatira kayendedwe ka nyimbo, pamene mnzake wamugwira m'chiuno ndi kumukonzera mpango kumutu.

Kusankha nyimbo nakonso n'kwanzeru. Gogo akamwalira, anthu amayimba zothokoza chifukwa watsiriza ulendo wake. Mwana sanauyambe n'komwe ulendowo. Choncho kumayambiriro kwa usiku woyambitsa amasankha nyimbo zodandaula ndi zopempha mphamvu, zamawu ochepa obwerezabwereza, zoti munthu wosweka mtima atha kuvomera osatsegula buku la Nyimbo za Mulungu. Za chiyembekezo cha kuuka amazisungira mbandakucha, misozi itayamba kuuma. Akazibweretsa msanga zimamveka ngati akuuza mayi kuti atonthole.

Nanga bambo wa mwana? Mwambo umamuika panja, pamoto, pakati pa amuna anzake, komwe kubuma kulibe malo. Koma nyimbo ya amayi ikatuluka pakhomo, amuna amaithira besi. Bambo amene tsiku lonse wakhala akukambirana za bokosi ndi adzukulu okumba manda amapeza njira yotulutsira mawu m'chifuwa, mutu uli pansi, popanda womuyang'ana. Woyambitsa wodziwa amabwereza kolasi kawiri katatu akamva kuti besi yagwira.

Pa maliro a mtayo, amene amayi okha amakaika mwakachetechete, nyimbo sizimveka, ndipo mayi amabwerera m'nyumba ndi chisoni chomwe palibe adamuthandiza kunyamula. Apa m'pamene munthu amaona kulemera kwa ntchito ya woyambitsa. Sadaphunzire kusukulu ya nyimbo, salipidwa, ndipo pofika kumanda mawu ake amakhala atasasa. Adaphunzira pokhala pamphasa pafupi ndi amayi akuluakulu, maliro ndi maliro, ndipo atsikana amene akumuvomera lero akuphunzira chimodzimodzi.