Ng'oma ya Angoni ndi nthaka

Madzulo ena ku Old Naledi, dera limene linayamba ndi zisakasa za anthu omanga mzinda wa Gaborone m'zaka za m'ma 1960, mkulu wina wa ku Mzimba, telala wa pakhonde, anatsegula ingoma, gule wa Angoni, pafoni. Mnzake wa ku Old Naledi komweko anatchera khutu, kenaka n'kufunsa kuti nanga ng'oma ili kuti. "Ng'oma ndi nthaka, achimwene," anatero mkuluyo, n'kuponda pansi kamodzi, fumbi kobo!

Sananame. Ku Mzimba ingoma savinira ng'oma. Wotsogolera amaponya mawu awiri atatu, amuna n'kuvomera ndi mawu a pansi pakhosi, amayi akuwomba m'manja. Phazi limanyamuka mosafulumira, limayamba lalendewera m'malere, ndiyeno gulu lonse limatsikira pamodzi: di! Chibonga chagunda chishango, nthungululu yalira. Kukoma kwake kuli pa kachetechete kaja phazi lisanagwe, pomwe womvera amagwira mpweya. Wofulumira kuponda amaonekera poyera, ndipo impi imene mapazi ake sagwirizana pabwalo sikanagwirizananso pankhondo.

N'chifukwa chake nyimbozi sizilongosola nkhani. Nyimbo zankhondo za ku Scotland ndiye zimatero. Nyimbo za nkhondo ya Otterburn ya mu 1388 ndi ya Harlaw ya mu 1411 amaimba munthu mmodzi, ndime pa ndime, kutchula anatsogolera ndani, anagwa ndani. Mawu otchuka olira anyamata amene anathera ku Flodden mu 1513 analemba Jean Elliot patapita zaka zoposa 200, ndipo Walter Scott anayamba kusindikiza nyimbo zoterezi mu 1802. A ku Scotland nkhondo anaisunga papepala. Angoni, amene anawoloka Zambezi ndi Zwangendaba mu 1835, anaisunga m'miyendo. Margaret Read analembako mawu a nyimbo zawo zina m'zaka za m'ma 1930, koma ukamawerenga umangoona chikopa, ng'ombe itapita. Lero ambiri amaimba Chingoni chimene sachimva, komabe phazi silinaiwale.

Chodabwitsa n'chakuti amene anazindikira msanga mphamvu ya maimbidwewa anali wa ku Scotland komweko. Donald Fraser, m'busa wa ku Embangweni, m'malo moletsa analimbikitsa Akhristu a Chingoni kupeka nyimbo m'maimbidwe akwawo. Mawelera Tembo, Peter Thole ndi Charles Chinula anatero, ndipo zina mwa nyimbo zawo zili mu Sumu za Ukristu. Anachita bwino, maimbidwe anapulumuka. Koma tinene chilungamo: pa benchi la m'tchalitchi phazi linatsala pakhomo, ndipo nyimbo yankhondo yopanda phazi ndi ndiwo zopanda mchere.

Amene akundidandaulitsa kwambiri ndi a m'masitudiyo. Akamva kachetechete kaja amayesa ndi dzenje lofunika kukwirira, ndiye amathiramo kiyibodi ndi ng'oma za pakompyuta mpaka ingoma kusanduka nyimbo ya paukwati. Ngakhale imene telala uja ankamvera inajambulidwa maikolofoni ili pakamwa pa wotsogolera, mapazi akumveka ngati ali kutsidya kwa mtsinje. Mkuluyo anachita kuponda yekha kuti mnzake amve.

Inu amene mudzajambule ingoma pa mwambo wa Umthetho ku Hora kapena wa Nc'wala ku Mtenguleni, chonde maikolofoni imodzi mudzaiike pansi, pafupi ndi mapazi.