Kachirambe ndi Superman: Za Mabuku Ofufuza Chiyambi cha Ngwazi

Mphunzitsi amene adzatumizidwa ku sukulu za m'boma la Mwanza, kaya pa Boma penipeni, kaya ku Thambani kapena ku Kunenekude, adzapeza ana omudziwa Superman chinkana sanagwirepo kabuku kake. Amamuona pa malaya a pa kaunjika, pa zikwama za sukulu, ndi m'nyumba zoonetsera kanema za m'mbali mwa msewu wa ku Tete. Akafunsidwa chimene munthuyu amachita, adzayankha msanga kuti amauluka ndi kuti chipolopolo sichimulowa. Koma akafunsidwa kumene anazitenga mphamvuzo, ndi amene anavutika kuti iye akhale nazo, kalasi lonse lidzangoti zii. Funso limeneli ndilo limene mabuku ena a nthano za sayansi anayesa kuyankha, ndipo ndi lomwelo limene makolo a anawa analiyankha kalekale m'nthano za pamoto.

Buku loyenera kuyamba nalo ndi Gladiator, lolembedwa ndi Philip Wylie wa ku America, limene linasindikizidwa mu 1930. Likusimba za Abednego Danner, mphunzitsi wa sayansi pa koleji ina yaing'ono ku Colorado, amene anapanga mankhwala opatsa mphamvu zoopsa. Poyamba anawayesa pa mbululu, kenaka pa mphaka, ndipo kamwana ka mphakako kanakula ndi ukali wotere kuti anachita kukapha. Chinkana anaona zimenezi, munthuyu anagonetsa mkazi wake wapakati ndi mankhwala, namubaya jakisoni iye osadziwa. Mwana amene anabadwa ndiye Hugo Danner. Atasinkhuka, atate ake anamufotokozera za chibadwa chake pomufanizira ndi nyerere, imene imanyamula katundu woposa thupi lake, ndi chiwala, chimene chimalumpha mtunda wautali.

Ubwino wa bukuli uli pakuti mphamvuzo sizinamupindulire Hugo kanthu. Ali ku yunivesite anapha mnzake mwangozi pa bwalo la mpira. Pa nkhondo ya 1914 anamenya nkhondo kumbali ya France, napha adani osawerengeka, koma nkhondoyo sinathe chifukwa cha iye. Atalowa ntchito ya ku banki anapulumutsa munthu wotsekeredwa m'chipinda chachitsulo chosungiramo ndalama, ndipo mphotho yake inali kumuganizira zakuba ndi kumuzunza. Kulikonse kumene anapita anthu ankamuopa, kapena kufuna kudyerapo pa iye. Akulu amati nkhuyu zodya mwana zipota wamkulu. Kwa Hugo zinatembenuka, pakuti anadya ndi atate koma wopotedwa ndi mwana.

Komabe bukuli lili ndi zofooka zimene wophunzira ayenera kuziona. Mitu ya ubwana wa Hugo ndi yomangika bwino, koma kuchokera pamenepo nkhani ingoyenda ngati mkanda wa mtundu umodzi: Hugo afika pamalo, aonetsa mphamvu, akanidwa, achoka. Akazi a m'bukumo alibe moyo wawowawo, angobwera kudzamusangalatsa kapena kudzamukhumudwitsa. Mathero ake ndiwo ofooka koposa. Hugo ali ku Yucatán, katswiri wina wofukula zakale anamulangiza kuti agwiritse ntchito mankhwala a atate ake kuyambitsa mtundu watsopano wa anthu oposa anzawo. Ili ndi ganizo loopsa, loyenera kulitsutsa kapena kulitsata mpaka zipatso zake zioneke. Koma Wylie anangokweza Hugo paphiri kuti akafunse Mulungu, ndipo mphezi inamupha pomwepo. Apa mlembi anathawa mlandu umene anauyamba yekha.

Superman anaoneka koyamba mu 1938 m'kabuku ka zithunzi kotchedwa Action Comics. Eni ake anali anyamata awiri a ku Cleveland, Jerry Siegel wolemba ndi Joe Shuster wojambula, onse ana a Ayuda obwera kuchokera ku Ulaya. Akatswiri amatsutsana ngati Siegel anatengera kwa Wylie, koma tsamba loyamba la nkhaniyo limafotokoza mphamvu za Superman ndi zitsanzo zomwe zija, nyerere ndi chiwala. Chofunika kuona ndi chimene chinasintha. M'kabukumo kholo silichimwira mwana; limamupulumutsa pomuika m'chombo dziko lawo la kuthambo lisanawonongeke, monga Mose anaikidwa m'kabokosi pamtsinje. Kotero chisoni chonse cha Hugo chinachotsedwa, natsala munthu wa mphamvu amene anthu amamuombera m'manja. Nkhani inakoma kwa ana, koma inapepuka. Ndi chodabwitsa kuti Siegel yemweyo mu 1933 analemba kankhani kotchedwa The Reign of the Superman, m'mene munthu wopatsidwa mphamvu ndi mankhwala a wasayansi anasanduka woipa. Funso lakuti mphamvu imamuchita chiyani mwini wake analidziwa, koma analisiya.

Amene analitolanso ndi Michael Chabon m'buku lake la 2000, The Amazing Adventures of Kavalier & Clay, limene linalandira mphotho ya Pulitzer mu 2001. Ili si buku la sayansi kwenikweni, pakuti limafufuza chiyambi cha ngwazi m'mitima ya ozipanga. Josef Kavalier athawa ku Prague mu 1939 atabisala m'bokosi la maliro pamodzi ndi Golem, chimunthu chadongo chimene nthano za Ayuda zimati chinaumbidwa kuti chiwateteze. Ku New York iye ndi mbale wake apanga ngwazi yomasula omangidwa, imene papepala imagonjetsa Hitler, pamene Josef weniweni alephera kupulumutsa ngakhale mng'ono wake. Bukuli ndi lalitali ndipo pena limasokera, koma likuphunzitsa choona: ngwazi imabadwa pamene munthu wafooka. Likukumbutsanso mbiri ya Siegel ndi Shuster, amene anagulitsa umwini wa Superman pa madola 130 okha.

Tsono wophunzira atembenukire kwawo. Duff Macdonald wa Mishoni ya Blantyre analemba nthano ya Kalikalanje ya Ayao m'buku lake Africana la 1882, ndipo Alice Werner mu 1933 anaiika pamodzi ndi inzake ya Anyanja, ya Kachirambe. Mutu wake ndi umodzi. Mayi wapakati apalamula ngongole kwa fisi, nalonjeza kudzapereka mwana amene ali m'mimba. Mwanayo abadwa modabwitsa, akhala paphale lamoto, nayamba kuyenda ndi kulankhula tsiku lomwelo. Mayiyo ayesa njira zambiri kuti amupereke. Amanga fisi mu mtolo wa udzu natuma mwana kukausenza, koma mwanayo azindikira nauza mtolowo kuti uyende wokha. Amuika chizindikiro chakuti fisi amudziwire, koma iye aika chizindikiro chomwecho pa anzake onse, ndipo fisi akafunsa dzina onse ayankha dzina limodzi.

Kufanana kwake ndi Hugo Danner kuli poyera: onse awiri ndi ana amene makolo anawapangira chiwembu asanabadwe. Koma nthano ya kuno iposa buku la Wylie pa zinthu ziwiri. Choyamba, mphamvu ya Kachirambe ndi nzeru, ndipo chishango chake ndi anzake. Apulumuka pobisala pakati pa anthu, pamene Hugo afa yekha paphiri. Kali kokha nkanyama, tili tiwiri ntianthu. Chachiwiri, nthanoyi sithawa mlandu. Ngongole ya fisi iyenera kulipidwa, ndipo mwana ayenera kuweruza amayi ake. Osimba ena amamaliza kuti anawapha, ena kuti anawakhululukira, koma palibe amene amaitana mphezi kuti idule nkhani. Pamene buku la Wylie liposa ndi apa: limalowa mumtima mwa mwana wosiyana ndi anzake nilionetsa kusungulumwa kwake, chinthu chimene nthano ya pakamwa imangodutsapo mothamanga.

Mphunzitsi angapindule ndi zimenezi pa phunziro la chimangirizo. Ana akauzidwa kuti apeke ngwazi yawoyawo, ambiri adzangondandalika zimene imatha kuchita, ndipo imeneyo si nkhani. Iye awafunse mafunso atatu: mphamvuyo inachokera kuti, ndani anavutika nayo, ndipo mudzi unamulandira bwanji mwini wake? Mwana amene wayankha atatuwa wapeza chiyambi, pakati ndi mathero. Awalimbikitsenso kuti ngwaziyo ibadwire pakati pa minda ya manachesi ya kwawo, pakuti olemba a kuno anayamba kale ntchito yotere: Shadreck Chikoti anatulutsa nthano ya sayansi yotchedwa Azotus the Kingdom mu 2015, ndipo Malenga Mulendema wa ku Zambia anapeka Supa Team 4, kanema wa zojambula wa 2023 wonena za atsikana anayi oteteza mzinda wa Lusaka.

Pomaliza pali chinthu choposa chimangirizo. M'kalasi la ana ambiri simulephera kukhala mmodzi wosiyana ndi anzake, kaya pa nzeru, kaya pa thupi, kaya pa khungu, ndipo kusiyanako sanakusankhe yekha. Mabuku awa ndi nthano iyi zikugwirizana kuti chimene chimapulumutsa kapena kuwononga mwana wotere ndi anthu omuzungulira. Mphunzitsi ndiye adzakonza ngati mwanayo adzakhala pa benchi yakeyake monga Hugo, kapena pakati pa anzake oyankha dzina limodzi monga Kachirambe.