Woukitsa Akufa Alipire Ngongole

Pa 3 February 1959 kandege kena kanagwa m'munda pafupi ndi Clear Lake, m'chigawo cha Iowa ku America. Woyimba wa zaka 22, Buddy Holly, anafera pomwepo limodzi ndi Ritchie Valens, J. P. Richardson ndi woyendetsa ndegeyo. Patapita zaka 29, mlembi wina dzina lake Edward Bryant anamuukitsa. M'buku lachisanu la Wild Cards, lomwe linatuluka mu 1988, Holly ali moyo ndipo wadutsa zaka 50. Koma sali pampando waufumu. Amayendayenda kuyimba m'mabala a mahotela, nyimbo za eni ake, popeza umwini wa nyimbo zomwe anapeka ali mnyamata unagwera m'manja mwa ena. Bryant anam'bwezera mpweya n'kum'landa ulemerero umene imfa yaunyamata inam'patsa.

Ndimayambira pamenepa ndikafuna kuyeza nkhani zamtundu uwu, zimene zimatenga mbiri yodziwika, kusuntha mwala umodzi, kenako n'kulondola mmene madzi apatukire. Chiyankhulo chathu chili ndi kachida kake kochitira zimenezi, ka "-kana-" kaja: akanapanda kukwera, akanachedwa pang'ono, akanakhalapo lero. Akuluakulu amakaseka kachidaka ndi mwambi wa ndikanadziwa ndikanaphika therere, poti nthawi zambiri kamangonyamula madandaulo. Luso limayamba pamene mlembi wasiya kudandaula n'kuyamba kuwerengera. Munthu uja wapulumuka, chabwino. Nanga walipira ndani?

Funsoli limakula olemba akachuluka, ndipo Wild Cards ndi chitsanzo chabwino cha mtolo wosenza ambiri. Inabadwira ku Albuquerque, ku New Mexico, kumene George R. R. Martin ndi anzake, monga Melinda Snodgrass, Walter Jon Williams ndi Victor Milán, ankatha usiku wonse akusewera masewero ongopeka otchedwa Superworld. Anthu amene ankawapeka m'masewerowo anawasamutsira m'mabuku, ndipo loyamba linatuluka mu 1987. Mwala umene anasuntha ndi uwu: pa 15 September 1946 kachilombo kochokera kudziko lina lakuthambo kanamwazika pamwamba pa New York. Mwa anthu 100 ogwidwa nako, 90 amafa, 9 amapunduka mochititsa mantha, mmodzi yekha amapeza mphamvu zodabwitsa. Kuchokera tsiku limenelo mbiri yawo ndi yathu zimasiyana njira.

Dongosolo lawo ndi losiririka. Munthu wa m'nkhani ali ndi mwini wake, mlembi amene anamupeka, ndipo wina akafuna kumubwereka amayenera kumvana ndi mwiniyo. Mkonzi ndiye mfumu yogamula milandu. Mabuku ena amalukidwa ngati mphasa, mlembi aliyense kulemba mzere wa munthu wake, mkonzi n'kudula ndi kulumikiza mpaka nkhani ikhale imodzi. Buku lachitatu, Jokers Wild, lonse limachitika tsiku limodzi, pa 15 September 1986.

Pamene anagwira bwino, anagwiradi. Nkhani ya Walter Jon Williams yotchedwa Witness imatenga nyengo imene komiti ya nyumba ya malamulo ya America inkasaka achikomyunizimu ku Hollywood, n'kuikamo Jack Braun, munthu amene chipolopolo sichim'lowa. Ataitanidwa kukaonekera pamaso pa komitiyo, mantha amamugwira ngati wina aliyense, ndipo amatchula mayina a anzake. Moyo wake wonse amakhala akutchedwa Yudasi. Mphamvu zopeka zija zagwira ntchito imodzi yokha, kuonetsa poyera chimene chinachitikira anthu enieni a m'mafilimu m'zaka zimenezo.

Komabe taonani ndale za m'mabuku oyambirirawo. Kachilombo kapha anthu zikwizikwi, anthu akuuluka mlengalenga, Mahatma Gandhi wapulumutsidwa kwa womuwombera, Fidel Castro ndi wosewera baseball, koma ku White House kukulowa anthu omwe aja mu ndondomeko yomwe ija. Buku lachisanu ndi chimodzi, Ace in the Hole, limachitikira pamsonkhano waukulu wa chipani cha Democratic ku Atlanta mu 1988. Muli ziwembu, kuphana, ndi phungu wopeka Gregg Hartmann amene amaseweretsa mitima ya anthu ngati zidole. Fumbi likatha, wopatsidwa mbendera ya chipani ndi Michael Dukakis, monga zinakhalira kwathu kuno. Ena anganene kuti ndi ulesi, koma ine ndikuona kuti ndi msonkho wa kulemba pagulu. Alembi khumi ndi angapo, aliyense kunyumba kwake, ali ndi mapu amodzi okha amene onse amawadziwa pamtima, ndiwo mbiri yeniyeni. Mmodzi akasintha pulezidenti wa 1960, anzake onse ayenera kulembanso nkhani zawo. Choncho amasintha za m'mbali, woyimba apa, timu ya Dodgers kukhalabe ku Brooklyn apo, msanamira n'kuusiya chilili.

Awiri okha amatha kulimba mtima kuposa gulu. Watchmen, nthano yazithunzi ya Alan Moore ndi Dave Gibbons, yomwe John Higgins anaipaka mitundu, inatuluka m'magawo 12 mu 1986 ndi 1987. M'menemo America inapambana nkhondo ya Vietnam chifukwa cha ngwazi yopeka yotchedwa Doctor Manhattan, lamulo loletsa pulezidenti kupitirira materemu awiri linachotsedwa, ndipo mu 1985 Richard Nixon akadali pampando. Atolankhani awiri amene kwathu kuno anavumbula za Watergate, kumeneko anapezeka atafa. Zonsezi n'zolumikizana ngati unyolo. Koma chimene chimandisangalatsa koposa ndi kanthu kakang'ono. Awiriwa anadzifunsa kuti, m'dziko limene ngwazi zovala zigoba zimayenda mumsewu, ana angawerenge nthano zazithunzi zanji? Za ngwazi ayi, poti amaziona m'nyuzipepala. Gibbons ndiye anaganiza za achifwamba a panyanja. Motero pali mnyamata wokhala pafupi ndi pogulitsira nyuzi akuwerenga Tales of the Black Freighter, ndipo nthano ya mkatiyo imasanduka galasi la nkhani yaikulu. Apa zosangalatsa za anthu wamba sizinapachikidwe pakhoma ngati chokongoletsa. Zamera kuchokera pa kusintha komwe kuja, monga mmene bowa amamerera pachulu. Wojambula anaona chimene wolemba mawu akanachiphonya, ndipo phindu la mitu iwiri ndi limenelo.

Kumapeto kwa bukulo kuli nthabwala yoti wosewera mafilimu Robert Redford mwina apikisana nawo pa upulezidenti. Mu 2019 Damon Lindelof ndi gulu lake la alembi anatola nthabwalayo n'kuisandutsa maziko a sewero la pa HBO. Redford walamula kuyambira m'ma 1990, wakhazikitsa chipukuta misozi kwa zidzukulu za anthu akuda amene anaphedwa ndi kuwotcheredwa nyumba ku Tulsa mu 1921, ndipo azungu ena atsankho ayankha ndi mfuti. Ngongole yalipidwa pomwepo: lamulo labwino labala adani ake. Moore sanafune n'komwe kuti dzina lake liikidwepo. Ndi mgwirizano wachilendo, wolowa m'munda wa mwini mwiniyo atakana, koma mbewu anaipalira bwino.

Tsopano za John Lennon wa gulu la Beatles, amene alembi a nkhanizi amamuukitsa kawirikawiri moti manda ake akanakhalapo bwenzi atatopa kutseguka. Anawomberedwa pa 8 December 1980 ku New York. Mu filimu ya Yesterday ya 2019, yomwe Danny Boyle anatsogolera ndipo Richard Curtis analemba kuchokera pa nkhani ya Jack Barth, magetsi azima padziko lonse kwa kamphindi, ndipo akayaka gulu la Beatles silinakhaleko. Mnyamata woyimba, Jack Malik, amazikumbukira nyimbozo n'kuziyesa zake. Chakumapeto amakapeza Lennon ali ndi zaka 78, m'kanyumba ka m'mphepete mwa nyanja, wokhutira ndi moyo. Owonera ambiri analira. Ine ndinaona ngati andibera m'thumba. Filimuyi yazula mtengo waukulu pakati pa nkhalango, koma mitengo yoyandikana nayo sinapendekeke n'komwe. Gulu loyimba la Oasis lasowa, ngati nthabwala. Coca-Cola ndi ndudu zasowa popanda chifukwa. Koma Ed Sheeran alipo, akuyimba momwe amayimbira, ndipo Rolling Stones iliponso, chonsecho imodzi mwa nyimbo zoyamba kuwakweza mu 1963, I Wanna Be Your Man, anawalembera ndi Lennon ndi Paul McCartney. M'zolemba zoyamba za Barth woyimbayo sankafika pa kutchuka kotere, ngakhale anali ndi nyimbo zonsezo m'manja. Ganizo limenelo linali lakuthwa, chifukwa limati nyimbo imafuna nyengo yake, mawu ake ndi nkhope zake. Dzanja lachiwiri linabwera n'kufafaniza funso lokhalo limene nkhaniyi inali nalo.

Sewero la For All Mankind, lomwe linayamba pa Apple TV+ mu November 2019, lili pakati pa mbali ziwirizi, ndipo n'chifukwa chake ndimalikonda ndi kulikwiyira nthawi imodzi. Analiyambitsa ndi anthu atatu, Ronald D. Moore, Matt Wolpert ndi Ben Nedivi. Mwala wawo ndi Sergei Korolev, katswiri wamkulu wa maroketi a Soviet Union, amene anamwalira pa opaleshoni mu January 1966. Kwa iwo anachira, ndipo mu June 1969 Alexei Leonov anaponda pamwezi America isanafike.

Tamvani mmene analukira chingwe chimodzi. Chifukwa cha manyazi a dziko, Ted Kennedy amasiya ulendo wa ku Chappaquiddick kuti akakhale nawo pa zokambirana za nyumba ya malamulo. Ngozi ya galimoto ya July 1969, imene inapha Mary Jo Kopechne ndi kuipitsa mbiri ya Kennedy, sichitika. Kennedy amagonjetsa Nixon mu 1972. Boma lake limakankha kusintha kwa malamulo aakulu kopereka ufulu wofanana kwa amayi, kumene kwathu kuno kunavomerezedwa ndi zigawo 35 pamene pankafunika 38, nthawi n'kutha. Kuti chigawo cha Illinois chivomere, andale amapereka kontilakiti ya zipangizo za roketi ku kampani ya kumeneko. Chipangizo chimodzi chimatuluka chosalongosoka, roketi ya Apollo 23 imaphulika isananyamuke, ndipo mwa akufawo muli Gene Kranz, amene m'mbiri yeniyeni anatsogolera ntchito yopulumutsa Apollo 13. Amayi apeza ufulu, ndipo mtengo wake ndi mitembo ya anthu amene sanali nawo pamalonda aja. Kopechne naye ali moyo, koma dzina lake limatulukabe m'nyuzi pa nkhani ya chibwenzi ndi pulezidenti. Palibe chimene chaperekedwa ulere. Mlembi aliyense wa nkhani zoterezi akanayenera kuonera zigawo zimenezi ali ndi cholembera m'manja.

Ndiyeno pamabwera timphindi toyambira chigawo chatsopano chilichonse, pamene zaka khumi zimadutsa m'mitu ya nkhani. Reagan wapambana mu 1976, Gary Hart mu 1984. Papa John Paul II waphedwa, Margaret Thatcher wafa ndi bomba la IRA, Prince Charles wakwatira Camilla poyamba pomwe, Michael Jordan watengedwa ndi timu ya Portland, Lennon wapulumuka, Beatles yabwererana. Zimakoma ngati mtedza wokazinga, ndipo owonera amaimitsa chithunzi kuti awerenge kalikonse. Koma ndifunse: Leonov kuponda pamwezi kwaphonyetsa bwanji chipolopolo cha ku New York, n'kulondoletsa cha ku Rome? Wina angati dziko likagwedezeka mwayi umagwa mwina. Ndivomera. Nanga bwanji mwayiwo umagwera anthu okhawo amene timawadziwa kale, pa masiku omwe aja, kungotembenuza inde kukhala ayi? Pamenepa ndimamva phokoso la chipinda cha alembi, aliyense akuponyamo chake chomwe amachilakalaka, popanda wokana.

Chimandivutanso n'chakuti Lennon wawoyo sanakule. Mu 1983 akuonekera pa TV akulalikira mtendere, ngati kuti wotchi yake inaima mu 1969. Munthu amene anakhala zaka zisanu osatulutsa chimbale akulera mwana, n'kubwerera mu 1980 ndi Double Fantasy, akanatha kusanduka chilichonse, ngakhale chimene okonda nyimbo zake sakanachifuna. Alembi anamusunga monga timamukumbukirira, chifukwa kumukhudza kukanakwiyitsa anthu. Yerekezani ndi Holly wa Bryant uja, wotopa, woiwalika, amene ayenera kufunidwafunidwa kuti akayimbe pa konsati yothandiza odwala.

Chigawo chachiwiri chimatha ndi chithunzi chokongola zedi. Nkhondo ya nyukiliya yapewedwa, kamera ikuchoka padziko, ikudutsa mumdima, ndipo nsapato ya munthu ikuponda dothi lofiira la Mars. Chaka chikulembedwa, 1995. Nyimbo imene ikulira ndi Come as You Are ya Nirvana. Ndikudziwa kuti aikira ife owonera, kuti khutu litiuze kuti tafika m'ma 1990, ndipo thupi langa linachita tsembwe monga anafunira. Koma Kurt Cobain, woyimba wa gululo, anakulira ku Aberdeen, tauni yocheka matabwa ya m'chigawo cha Washington imene ntchito zinkatha, m'zaka za Reagan wathu uyu wa 1981 mpaka 1989. Ku dziko lawolo Reagan anachoka pampando kumayambiriro kwa 1985, Soviet Union ikadali yamphamvu, ndipo achinyamata akulota zokagwira ntchito kumwezi. Mnyamata wa ku Aberdeen ya kumeneko akanagwira gitala, sindikukhulupirira kuti ikanatuluka nyimbo imeneyi.