Chingwe ndi Diso la Woonerera: Kupenda Luso la Kinbaku ndi Mabala Ake ku Japan

Mu mzinda wa Tokyo, m'madera monga Shinjuku, Roppongi ndi Ikebukuro, muli timabala tina tating'ono, tobisika m'zipinda zapansi kapena m'mwamba mwa nyumba zosanjikizana, m'mene anthu amalipira ndalama kuti amwe moŵa uku akuonerera munthu akumangidwa ndi zingwe. Womangayo amamutcha nawashi kapena bakushi, ndiye kuti katswiri wa chingwe, ndipo ntchito yakeyo ndi kinbaku, kutanthauza kumanga kolimba. Kunja kwa Japan anthu adazoloŵera dzina lakuti shibari, limene limangotanthauza kumanga. Masiku ano zimenezi zikuphunzitsidwa ku Ulaya ndi ku Amereka komwe, ndipo eni ake amakana kuti ndi zolaula chabe. Iwo amati ndi luso monga kuvina kapena kuumba, ndiponso kuti chingwe ndi chilankhulo cha anthu aŵiri okhulupirirana. Kunyansidwa kokha sikungayankhe mau ameneŵa. Ayenera kuyesedwa ndi mbiri ya lusolo, ndipo mbiriyo ikuonetsa chinthu chimodzi chimene eni ake sachitchula kaŵirikaŵiri: pa kumanga kotereku sipadakhalepo anthu aŵiri okha. Pamakhala wachitatu, woonerera, ndipo mfundo zake zimamangidwira diso la iyeyo.

Tiyambe ndi kuvomereza zimene zili zoona m'mau aowo. Ajapani ndi mtundu wodziŵa kumanga. Chovala chao cha kimono chilibe mabatani, chimagwira ndi lamba. Katundu amamkulunga m'nsalu yotchedwa furoshiki. Mphatso amaimanga ndi timikuzi ta pepala ta mizuhiki, ndipo mfundo ya paukwati imasiyana ndi ya pa kubadwa kwa mwana. Pa akachisi a chipembedzo cha Shinto amapachika chingwe chopota ndi mapesi a mpunga, shimenawa, chozindikiritsa kuti malowo ndi opatulika. Nayenso nawashi ali ndi luso lenileni m'manja mwake. Chingwe chake ndi cha jute, ulusi womwe uja wa ziguduli, chonenepa mamilimita ngati 6, chotalika mamita 7 kapena 8, ndipo amachiŵaula ndi kuchidzoza mafuta kuti chifeŵe. Amadziŵa kuti mamangidwe otchuka a takate kote, opinda mikono kumbuyo, angathe kufinya mtsempha wodutsa m'mkono, dzanja nkulefuka kwa masabata kapena miyezi. Nchifukwa chake womanga wosamala amafunsa kaŵirikaŵiri ngati zala zachita dzanzi, ndipo amakhala ndi sizasi pafupi. Kusamala kumeneku tisakunyoze. Komabe funso likadalipo: kodi chingwe chimenechi chidachokera kukachisi kapena kubwalo la milandu?

Yankho la mbiri ndi lomveka. Pa nyengo ya Edo, kuyambira 1603 mpaka 1868, asilikali osunga bata m'mizinda ankagwira anthu ndi chingwe, ndipo luso lomangira akaidi linkatchedwa hojōjutsu. Mamangidwe ankasiyana malinga ndi munthu: ena a msamurai, ena a wansembe wa Chibuda, ena a munthu wamba, ena a mkazi. Kusiyanitsaku kukutiuza kuti chingwe sichinali choletsa kuthaŵa kokha; chinalinso chikalata cholembedwa pathupi kuti odutsa m'njira aŵerenge. Kumangidwa mfundo kunali manyazi aakulu, mwakuti pogwira munthu amene mlandu wake sudazengedwe, kaŵirikaŵiri ankangomzenga chingwe popanda mfundo. Oweruzidwa kuti aphedwe pa milandu yaikulu ankawakweza pa kavalo ali omangidwa nkuwazungulitsa mzinda. Malamulo a boma a nthaŵi imeneyo ankalolanso kuzunza munthu ndi chingwe kuti avomere mlandu: kumpinda ngati nkhanu, kumene ankati ebizeme, ndi kumlenjeka m'malere mikono ili kumbuyo, kumene ankati tsurizeme. Maina ameneŵa ndi maonekedwe ake akupezekabe m'mabuku ophunzitsa kinbaku.

Eklezia ali ndi chifukwa chake chokumbukira zingwe za ku Japan. Mu 1597, nyengo ya Edo itatsala pang'ono kuyamba, Paulo Miki ndi anzake adawadula khutu, nkuwayendetsa pa ngolo m'miseu ya Kyoto kuti anthu aone ndi kuchita mantha. Pa 5 February, onse 26 adawamangirira pa mitanda ku Nagasaki ndi zingwe ndi zitsulo. Pambuyo pake akuluakulu a boma adaona kuti imfa yotere ikungolimbitsa Akhristu, tsono adapeza njira ina, ya dzenje. Munthu ankamkulunga zolimba ndi zingwe, nkumpachika chadodolido m'dzenje, koma dzanja limodzi ankalisiya lomasuka kuti apereke chizindikiro akafuna kukana chikhulupiriro. Mu October 1633 ansembe aŵiri a Chiyezuiti adaloŵetsedwa m'dzenje tsiku limodzi: Cristóvão Ferreira adagonja patapita maora ngati asanu, pamene Julian Nakaura adapirira mpaka kufa, ndipo adatchulidwa Wodala mu 2008. Sitikunena kuti anthu a m'mabala a Tokyo ndi ozunza Akhristu, ai. Tikungoona chimene chingwe cha boma chinkafuna. Sichinkafuna mtembo, chinkafuna kuti munthu wamoyo anene yekha kuti inde, anthu akuona.

Kuchokera kubwalo la milandu, chingwe chidapita kubwalo la zisudzo. M'seŵero lina la 1757, limene lidayamba ndi zidole kenaka nkuloŵa m'zisudzo za kabuki, muli chigawo chotchuka chotchedwa Kinkakuji. Mkazi wina, Yukihime, wamangidwa ku mtengo wamaluŵa ndi munthu wankhanza. Iye asonkhanitsa maluŵa akugwawo ndi zala zakuphazi, najambula nawo khoswe. Khosweyo akhala wamoyo nadula chingwe. Apa kukongola ndi kuzunzika zaikidwa pamodzi ndithu, koma oonerera akudikira chinthu chimodzi, kumasuka kwa mkaziyo, ndipo seŵerolo likuweruza womangayo kuti ndi woipa. Tisunge mfundo imeneyi, pakuti ndiyo muyeso wabwino wopimira zimene zidatsatira.

Amene amatchedwa tate wa kinbaku ndi mmisiri wojambula zithunzi, Itō Seiu, amene adabadwa mu 1882 namwalira mu 1961. Iyeyu adatenga zochitika zozunza akazi za m'zisudzo nkuzichotsera nthano yake, kuti kutsale kuzunzika kokha. Buku lake la 1928 mutu wake ndi Seme no kenkyū, ndiye kuti kufufuza za chizunzo. Pofuna kubwereza chithunzi cha Tsukioka Yoshitoshi cha 1885, choonetsa mkazi wapakati atapachikidwa chadodolido m'nyumba ya nkhalamba yodya anthu, Itō adapachika mkazi wake weniweni ali ndi pathupi, namjambula. Yoshitoshi adagwiritsa ntchito pepala ndi utoto. Itō adagwiritsa ntchito miyoyo iŵiri. Itatha nkhondo yachiŵiri ya dziko lonse, magazini ya Kitan Club, imene idayamba ku Osaka mu 1947 nkutha mu 1975, idafalitsa zithunzi ndi nthano zotere kwa anthu ambiri. M'menemo ndimo mudayamba kutuluka mu 1962 nthano ya Dan Oniroku yotchedwa Hana to Hebi, imene kampani ya Nikkatsu idaisandutsa kanema mu 1974. Kenaka akatswiri monga Osada Eikichi ndi Akechi Denki adabweretsa chingwe pa nsanja, pamaso pa anthu olipira pakhomo. Mabala a lero ndi adzukulu a nsanja imeneyo.

Tikaiyang'ana njira yonseyi, tikuona kuti womanga adasintha, womangidwa adasintha, koma woonerera sadachokepo: wodutsa m'mseu wa Edo, wokhala pa mkeka wa kabuki, wogula magazini, ndipo lero wokhala pa mpando wa m'bala kapena wogwira foni m'manja. Chimene chidatayika m'njira ndi khoswe uja wa Yukihime. M'kabuki pachimake pa seŵero ndi pamene chingwe chaduka. M'bala pachimake ndi pamene womangidwa walefuka, mutu wagwa, nkhope yafiira. Kumasula kumabwera pambuyo, oonerera ataombera kale m'manja. Ndiye kuti kukongola kumene lusoli limanyadira ndi kobwereka. Kumachokera ku manyazi ndi ululu wa mkaidi weniweni, ndipo mukachotsa chikumbutso cha mkaidiyo, kumangotsala ukonde wolukidwa bwino. Akatswiri ake enieni sabisa zimenezi: Yukimura Haruki, amene adamwalira mu 2016, adatchuka ndi kamangidwe kamene cholinga chake chachikulu nkudzutsa manyazi mwa womangidwayo.

Apa eni ake amayankha ndi mau amodzi amphamvu: kuvomera. Mkaidi wa ku Edo sadafunsidwe, koma wa m'bala adavomera yekha, ndipo akanena kuti basi, chingwe chimamasulidwa. Kusiyana kumeneku nkwakukulu, ndipo amene angakuchepetse sakunena zoona. Ena mwa omangidwa amachitira umboni kuti chingwe chimawapatsa bata, ngati mwana wobereka kumbuyo, ndipo si pa ife kuwauza kuti akunama. Koma kuvomera kumangotiuza kuti palibe amene wakakamizidwa. Sikutiuza ngati chinthu chovomeredwacho nchoyenera munthu. Immanuel Kant adaphunzitsa mu 1785 kuti umunthu sitiyenera kuusandutsa chida chabe, ngakhale umunthu wa ife eni. Jean-Paul Sartre, amene sanali munthu wachikhulupiriro, adalongosola mu 1943 kuti wokonda kuzunza amafuna kugwira ufulu wa mnzake kudzera m'thupi lake, koma amalephera, popeza chimene chimatsala m'manja mwake ndi thupi lokha. Wozunzikayo akangomuyang'ana, zimaonekeratu kuti ufulu uja sudagwidwe. Karol Wojtyła, m'buku lake la 1960 lonena za chikondi ndi udindo, adati manyazi a thupi ndi mlonda woteteza munthu kuti asaonedwe ngati chinthu chogwiritsa ntchito, ndipo kuti chikondi chenicheni chimawameza manyaziwo. Kinbaku amachita mosiyana: amalima manyazi dala, nawakolola pamaso pa mlendo.

Ndiponso kuvomera kumafooka pamene ndalama ndi kutchuka zaloŵapo. Wojambula zithunzi wotchuka, Araki Nobuyoshi, adaika akazi omangidwa m'mabuku ndi m'nyumba zoonetsera zaluso za maiko ambiri. Mu 2018 mkazi wina dzina lake Kaori, amene adamjambula kwa zaka zambiri mpaka 2016, adalemba poyera kuti ankagwira ntchito popanda mgwirizano wolembedwa, kuti nthaŵi zina sankalipidwa, ndi kuti zithunzi zake zinkafalitsidwa iye osauzidwa. Zaka zonsezo oonerera ankaganiza kuti akuona anthu aŵiri omvana. Boma la Japan lomwe, pokonzanso malamulo ake a milandu ya chiwerewere mu 2023, lidavomereza kuti munthu angalephere kukana chifukwa choopa wamphamvu pa iye m'zachuma kapena pa ntchito. Nanga mtsikana wolembedwa ntchito m'bala, amene malipiro ake amadalira kukondwa kwa makasitomala, mau ake akuti basi ndi olemera bwanji? Mnzake womanga angakhale wachifundo, koma wachitatu uja adalipira kuti aone chinachake, ndipo chionetsero chikadukizidwa, wina amataya ndalama.

Nkhaniyi siili patali ndi ife monga m'mene Tokyo alili patali, pakuti intaneti yafikitsa zithunzi zotere m'thumba la wophunzira aliyense, ndipo wansembe angakumane nazo m'sakramenti la kulapa kapena pokonzekeretsa anthu ukwati. Akakumana nazo, kudzidzimuka sikumthandiza. Ayenera kuzindikira njala imene ili pansi pake, imene ndi yoona: kufuna kugwiridwa, kufuna kutula mtolo wodzilamulira, kufuna kukhulupirira wina kotheratu. Msonkhano Wachiŵiri wa Vatikani udaphunzitsa mu 1965 kuti munthu amadzipeza yekha pokhapokha atadzipereka moona mtima. Kinbaku amajambula chithunzi cha kudzipereka kumeneku, ndipo nchifukwa chake amakopa. Koma kudzipereka kwenikweni kumafuna manja omasuka oti apereke ndi kulandira, kumafuna maŵa ndi mkuja, ndipo sikufuna mlendo wolipira pakhomo. Malumbiro a ukwati ndi a ansembe nawonso ndi zingwe, koma zimamanga mbali zonse ziŵiri, ndipo mboni zake zimabwera kudzasenza nawo udindo.

Chigamulo chathu tsono ndi ichi. Monga ntchito ya manja, kinbaku ndi luso losakanika. Monga chithunzi cha munthu, ndi losauka, chifukwa limadziŵa nkhope imodzi yokha, ya wogonja. Chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere. Ajapani akale adali ndi zingwe ziŵiri: shimenawa, chouza wodutsa kuti apa nkopatulika, aime patali ndi ulemu, ndi chingwe cha msilikali, chouza wodutsa kuti uyu wagwidwa, abwere adzaone. Eni mabala amakonda kutchula choyambacho polongosola ntchito yao, koma mamangidwe ao, maina ao ndi mipando ya oonerera zonse ndi za chachiŵiricho. Wopenda luso lililonse lokhudza thupi la munthu ayenera kufunsa kuti mwa zingwe ziŵirizi, lusolo latenga chiti.