Mwini Gule Ndi Wogwayo

Pa malo a malonda a kuno kwathu, kuyambira pa Utale mpaka pa Balaka ndi pa Liwonde, mwana wa sukulu angakutchulireni maina a John Cena ndi Undertaker msanga kuposa maina a Atumwi khumi ndi aŵiri. Maseŵera ogwetsana a ku America, amene anyamata amangoti wrestling, anatifika kudzera m'tinyumba toonetsera mavidiyo, ndipo lero ali m'mafoni a m'manja. Akuluakulu ambiri amawagamula ndi mawu aŵiri: ena amati ndi zabodza, ena amati ndi zachiwawa. Onse akunena zoona, koma aima pakhomo osaloŵa m'nyumba. Kuti wopambana amasankhidwiratu, eni ake anavomera okha mu 1989, pamene kampani ya WWF inauza aphungu a ku New Jersey kuti ntchito yake ndi yosangalatsa anthu, si mpikisano. Chimene sichingapanganidwe ndi pansi pamene munthuyo akugwerapo.

Bwalo lawo ndi chitsulo, pamwamba pake matabwa, kenaka kachinkhupule kopyapyala ndi chinsalu. Limanjanja pang'ono, koma si matiresi ai. Nchifukwa chake phunziro loyamba la wogwetsana aliyense ndi kugwa, kumene iwo amakutcha bump. Wophunzira amagwa chagada kambirimbiri mpaka thupi lizoloŵere: chibwano chigunde pachifuwa kuti nkhongo isamenye thabwa, msana wa kumtunda ufike pansi wonse nthaŵi imodzi, manja atambasuke ndi kuwomba pansi pa kamphindi komweko, mpweya utuluke. Mphamvu ya kugwako ikamwazikana pa malo aakulu a thupi, fupa limodzi silisenza katundu yense. Wotsogoza chigongono kapena dzanja, monga tonse timachitira tikaterereka m'matope, amathyoka. Ric Flair, amene anathyoka msana pa ngozi ya ndege mu 1975, anabwerera m'bwalo nagwetsana zaka zina zoposa makumi atatu, koma oyang'anitsitsa amaona kuti akamponya m'mwamba ankagwera cham'mbali, kusunga msana wakewo.

Phunziro lachiŵiri ndi lovuta koposa, ndipo ndi limene ndifuna kuliyamikira pano. Iwo amalitcha selling, ndiko kuonetsa ndi nkhope, ndi mpweya, ndi mayendedwe kuti nkhonya ya mnzako yakupweteka. Nkhonya ya m'maseŵeraŵa imaponyedwa mosunga mphamvu, tsono kulemera kwake konse kuli m'manja mwa woilandira. Akapanda kugwedezeka, womenyayo wasanduka choseketsa. Akagwada nagwira nthiti, womenyayo wasanduka chimphona. Chala chimodzi sichiswa nsabwe. Pa 29 March 1987, ku Pontiac m'chigawo cha Michigan, Hulk Hogan ananyamula André the Giant namgwetsa, ndipo chithunzi chimenecho chinamanga mbiri ya Hogan. Koma André, amene ankalengezedwa kuti amalemera makilogalamu oposa 230 ndipo msana unali utayamba kale kumsautsa, sakananyamulika akanapanda kulola ndi kuthandiza. Anthu anawombera m'manja wonyamula, pamene mphatso inachokera kwa wonyamulidwa. Amene anaonerapo malemu Izeki ndi Jakobo pa nsanja akudziŵa zimenezi: nthabwala ya Izeki inkapsa chifukwa Jakobo ankadziŵa kuilandira, kudabwa pa nthaŵi yake ndi kukwiya pa mlingo wake.

Usiku womwewo ku Pontiac kunachitika mpikisano wina umene odziŵa amauika pamwamba pa wa Hogan, wa Ricky Steamboat ndi Randy Savage. Nkhani yake inayamba chakumapeto kwa 1986, pamene Savage anadumpha kuchokera pamwamba pa zingwe namenya Steamboat pakhosi ndi belu la m'bwalo. Steamboat sanafuule. Anagwira pakhosi, maso ali tong'o, akuphupha ngati munthu wotsamwa, ndipo anamtulutsa pa machira. Kwa masabata angapo anthu ankamuona pa kanema akuphunziranso kulankhula. Pofika tsiku la kubwezera, khamu lonse linali litasenza khosi limenelo ngati lawo, kotero kuti Savage akangoloza dzanja kumeneko anthu ankanyamuka m'mipando. Mpikisanowo sunakwane ngakhale mphindi makumi aŵiri, koma unali utaphikidwa kwa miyezi inayi. Ricky Morton wa gulu la Rock 'n' Roll Express anali ndi luso lofanana m'zaka za m'ma 1980. Iye ankamenyedwa nthaŵi yaitali, akukwaŵa cha kungodya kumene mnzake Robert Gibson watambasula dzanja, n'kutsala pang'onong'ono kulikhudza, adani n'kumukokanso mwendo. Ankayang'ana oonerera mmodzimmodzi monga wopempha madzi. Gibson akaloŵa, chimwemwe cha anthu chinali cholipiridwa kale ndi kukwaŵa kwa Morton.

Mfalansa wina wolemba mabuku, Roland Barthes, analemba za maseŵeraŵa m'buku lake lotuluka mu 1957, ndipo anaona kuti oonerera sadera nkhaŵa ngati ndewuyo ndi yopangana; chimene adzera ndi kuona masautso, kugonja ndi chilungamo zitavala thupi. Ine ndingawonjeze chimodzi: masautsowo amagwira mtima pokhapokha ngati akumbukika. Ogwetsana akale anali ndi lamulo losalembedwa lakuti bondo likapwetekedwa pa mphindi yachisanu, likhalebe lopweteka pa mphindi ya makumi aŵiri, ndipo munthu atuluke m'bwalo akutsimphina ngakhale wapambana. Ife aŵerengi a Malembo sitingadabwe nazo. Pa Genesis 32, Yakobo atagwetsana ndi mlendo uja usiku wonse pa dooko la Yaboki, analandira dalitso ndi dzina latsopano, koma dzuŵa linamtulukira akutsimphina. Wolemba nkhaniyo sanamchiritse ntchafu kuti mathero akome.

Apa ndi pamene ndimadandaula ndi zambiri zimene ana athu akuonera masiku ano. Kugwa kwachuluka, kumva kwachepa. Munthu aponyedwa pa tebulo mpaka kuliswa, ndipo tisanameze malovu wadzuka, akuthamanga ngati wangochoka kosamba. Pa 28 June 1998 ku Pittsburgh, Undertaker anaponya Mick Foley kuchokera padenga la khola lachitsulo, mamita pafupifupi 5, ndipo pheŵa linaguluka. Patapita kanthaŵi anagwanso kuboola dengalo nakomoka. Kumeneko sikunali kuseŵera ai, ndipo ngakhale ndimalemekeza kulimba mtima kwake, ndikuona kuti usiku umenewo unaphunzitsa oonerera njala yoipa. Anthu akasiya kukhulupirira nkhope, amafuna magazi, ndipo chaka chilichonse makwerero ayenera kutalikirako. Mtengo wake umalipiridwa ndi matupi enieni. Tom Billington, wotchedwa Dynamite Kid, amene ankagwa molimba kuposa anzake onse a nthaŵi yake, anatha zaka zambiri pa njinga ya olumala, namwalira mu 2018 pa tsiku limene anakwanitsa zaka 60. Kulinso kulakwa kwa mbali inayo. Mu 2005 Shawn Michaels, polimbana ndi Hogan, ankadziponya ndi kugubuduka mopitiriza muyeso pa kankhonya kalikonse, mwakuti anthu anaseka. Kukokomeza ululu ndi njira ina yonyozera mnzako.

Kuno ku Utale tili ndi chifukwa chapadera choganizira za thupi losamva kuŵaŵa. Ansembe a chipani cha Montfort anatsegula mishoni ino mu 1908, ndipo dzina la Utale linadziŵika m'dziko muno chifukwa cha kusamalira odwala khate. Dokotala Paul Brand, amene anagwira ntchito ku Vellore m'dziko la India, anaonetsa kuti kaŵirikaŵiri si khate lenilenilo limene limadya zala. Nthendayi imapha mitsempha ya kumva, tsono wodwala amagwira mphika wamoto, amayenda pa munga, chilonda chimakula iye osadziŵa, mpaka chiŵalo chitaonongeka. Agogo athu ena anaziona ndi maso zimenezi. Munthu wosamva ululu, amene ana amamtenga ngati ngwazi pa kanema, m'chipatala ndi wodwala woyenera kumuyang'anira mapazi madzulo alionse.

Ndipo anawo amatsanzira. Amaona kudumpha, saona zaka za kuphunzira kugwa, saona kuti woponyayo akutchinjiriza mutu wa mnzake ndi dzanja kapena ntchafu yake. Pa bwalo la sukulu palibe thabwa lonjanja. Pali dothi louma la mwezi wa October ndi miyala. Kuwaletsa kuonera sikuphula kanthu, pakuti foni ili m'thumba la mkulu wawo. Chimene mphunzitsi kapena kholo lingachite ndi kuwaululira chinsinsi chenichenicho, chakuti aŵiri aja amene akuoneka ngati adani apatsana makosi awo kuti asungirane, ndipo wogwetsana amene amavulaza anzake, anzakewo amakana kugwira naye ntchito.

Pali bwalo lina limene ife Akatolika timaonerapo kugwa chaka ndi chaka. Pa Lachisanu Loyera, m'maparishi ambiri achinyamata amachita seŵero la Njira ya Mtanda, ndipo mnyamata wosenza mtanda amagwa katatu, pa chithunzi chachitatu, chachisanu ndi chiŵiri, ndi chachisanu ndi chinayi. Mabuku anayi a Mthenga Wabwino satchula kugwa kumeneku. Kunachokera m'mapemphero a akhristu a m'zaka za pambuyo pake, ndipo chiŵerengero cha zithunzi 14 chinakhazikitsidwa ndi Papa Clement XII mu 1731. Papa Yohane Paulo II, pa Lachisanu Loyera la 1991, anatsogolera Njira ya Mtanda ina yotsata Malembo okha, yopanda kugwako. Komabe anthu athu amakonda yakaleyo, ndipo ndiganiza kuti akudziŵa chimene akuchita. Sindikufanizira masautso a Ambuye ndi malonda a ku America ai. Ndikunena za mnyamata uja ndi anzake ovala ngati asilikali, amene ntchito yawo ndi ya m'seŵero ndithu, ndipo ingachitike bwino kapena moipa.

Imachitika moipa pamene asilikali akondwera ndi zikoti zawo nayamba kukwapula zenizeni kuti anthu aone kulimba kwa seŵero, kapena pamene akuchita zoseketsa mpaka ana a m'mbali mwa mseu akugwa ndi phwete. Imachitikanso moipa pamene wosenza mtanda agwa katatu mofanana, nadzuka msangamsanga nthaŵi zonse, ngati kugwa koyamba sikunasiye kanthu m'mawondo mwake. Otsogolera achinyamata akamakonzekera m'nyengo ya Lenti, aphunzitse mnyamatayo kutsitsa bondo ndi ntchafu poyamba, mtanda ugwere kumbali osati pamsana pake, ndipo msilikali mmodzi akhale ndi ntchito yogwira mtengowo mosaonetsera. Kugwa kwachiŵiri kutenge nthaŵi yoposa koyamba. Pa kwachitatu asafulumire konse. Akhale pansi mpaka nyimbo ithe ndime yonse, ndipo podzuka alole kuti amdzutse.