Za Mawu Akuti "Mpweya Woipa"

Aphunzitsi ndi alembi ambiri amamasulira okosijeni kuti "mpweya wabwino", kaboni dayokisaidi kuti "mpweya woipa". Kumasulira kotere n'kosokeretsa. Mpweya ukutchedwa woipawu ndi umene chimanga cha alimi a ku Mkanda, m'boma la Mchinji, chimapangira chakudya m'masamba ake dzuwa likawala. Nanga kuipa kwake kuli pati?

Choopsa n'chakuti dzina lomweli limaperekedwanso kwa kaboni monokisaidi, mpweya wakupha, wopanda fungo, wochokera m'makala oyaka. Mwana wophunzitsidwa kuti iyenso amatulutsa "mpweya woipa" popuma sadzaopa kugona ndi mbaula m'nyumba yotseka m'nyengo yozizira ya Juni. Mipweya iwiriyi iyenera kulembedwa ndi mayina osiyana m'mabuku a sayansi, ngakhale mayinawo akhale obwereka.