Luso Lolumikiza Masewero a Baldur's Gate Kukhala Ulendo Umodzi

Baldur's Gate ndi masewero a pakompyuta omwe kampani ya BioWare ya ku Canada inapanga, ndipo anatuluka mu 1998. Wosewera amadzipangira munthu wake, mwana wamasiye woleredwa ndi Gorion ku Candlekeep, n'kumayenda naye m'dziko la amatsenga ndi zilombo. Gawo lachiwiri, Shadows of Amn, linatuluka mu 2000, ndipo Throne of Bhaal inatseka nkhaniyi mu 2001. Nkhani ndi imodzi, koma wosewera akamaliza gawo loyamba amasamuka ndi munthu wake yekha. Midzi, misewu ndi zambiri zomwe anachita zimatsala.

Okonda masewerowa anatseka mpata umenewu ndi mapulogalamu owonjezera otchedwa mod. Odziwika kwambiri ndi Baldur's Gate Trilogy, yomwe imalowetsa gawo loyamba m'kati mwa lachiwiri, ndi Enhanced Edition Trilogy, yomwe imalumikiza masewero amene kampani ya Beamdog inakonzanso mu 2012 ndi 2013 pamodzi ndi Siege of Dragonspear ya mu 2016. Zimatheka chifukwa magawo onse anamangidwa pa maziko amodzi, Infinity Engine, ndipo pali chida chotchedwa WeiDU, cholembedwa ndi Westley Weimer, chomwe chimasintha mafayilo popanda kufafaniza ntchito ya mod ina.

Ntchito yoyamba ndi ya mayina. M'masewero akale malo aliwonse ali ndi dzina loyamba ndi AR kenako manambala anayi, ndipo dzina limodzi likhoza kuimira malo osiyana m'magawo awiriwa. Wolumikiza amatcha malowo mayina atsopano, n'kulondola khomo lililonse ndi lamulo lililonse lotchula dzina lakale. Akaphonya limodzi, wosewera amatsegula chitseko cha nyumba ya alendo n'kupezeka m'dziko lina, kapena masewero amangozima.

Ntchito yachiwiri ndi yosunga chikumbukiro cha nkhani. Shadows of Amn imayamba ngati kuti aliyense anayenda ndi Imoen, Jaheira, Khalid, Minsc ndi Dynaheir. Amene anakana Minsc pa msewu wa ku Nashkel amadabwa kumupeza m'ndende ya kumayambiriro kwa gawo lachiwiri akumulankhula ngati bwenzi la pondapo n'pondepo. Pamene masewero anali olekana, wosewera ankaikhululukira mfundo imeneyi. Akalumikizidwa, bodzalo limaonekera poyera. Mod yabwino imanyamula mphamvu zomwe mnzakeyo anafika nazo ndi mbiri ya zomwe zinachitika, kuti dziko lioneke kuti silinaiwale.

Povuta zedi ndi pa mlingo wa mphamvu. Gawo loyamba ndi chowonjezera chake, Tales of the Sword Coast, linkaletsa munthu kupyola mapointi 161,000, pomwe Shadows of Amn imafika 2,950,000. Adani a gawo loyamba anapangidwira munthu wofooka, amene mmbulu umodzi ukhoza kumupha. Wosewera akapatsidwa maluso a gawo lachiwiri kuyambira ku Candlekeep, mantha aja amatha. Mlimi wa fodya ku Kasungu amaidziwa nkhani yotere: masamba onse angakhale a m'munda umodzi, koma belo losakaniza magiredi limabwezedwa ku okishoni ya Chinkhoma. Wolumikiza waluso amasankhula, gawo lililonse n'kusunga kulemera kwake.

Palinso chomwe chimatayika. Gawo lachiwiri limayambira m'ndende ya mdani wake Irenicus, wosewera atalandidwa zonse, ali kutali ndi kwawo, ndipo posakhalitsa Imoen amatengedwa. Enhanced Edition Trilogy imalola kubwerera ku Sword Coast, dera la gawo loyamba. Dziko limakula, koma changu chopulumutsa Imoen chimazirala pamene wosewera akukamaliza tintchito takale ku Beregost.

Choncho mod yotere imayesedwa pa zinthu zitatu: ngati makomo onse akupita koyenera, ngati anthu a m'nkhani akukumbukira zomwe zinachitika, ndiponso ngati zovuta zikukula molingana ndi mphamvu za wosewera. Choyambacho chimatheka ndi khama, koma ziwiri zinazo zimafuna munthu womvetsa chifukwa chomwe olemba oyamba anadulira nkhani pamalo pomwe anaidulira.